Kadazi ka Kunkhongo

Lachiwiri, 10 Juni

Andigoneka dzulo. Bedi langa lili pakona, pafupi ndi khomo la kubafa, ndiye aliyense wodutsa amandiona, ndipo aliyense wondiona amadabwa kuti mkulu wa thupi losalala chonchi akufunanji muno.

Ndine Lameck, wa kugombe kumunsi kwa Khombedza. Kobadwira ndi ku Chitala, kunyanja kuno ndinadzakhala chikamwini ndili mnyamata. Sukulu sindinaipondeko. Zilembo zopindikapindika izi anandiphunzitsa malemu mkazi wanga, mayi a Gladys, tili kale ndi zidzukulu. Ankati, "Inu mawu akuchulukirani, ena muziwathira papepala makutu anga apumeko." Lero ndawamvera, poti adokotala ati ndichepetse kuyankhula. Ine! Munthu amene ntchito yanga inali imeneyo. Asodzi akamasoka makoka ankandiitana. Pa maliro ankandiitana kuti amuna asaodzere. Nthano, mbiri ya mabanja, uyu anabala uyu, zonse ndinazitola ndi khutu kwa amalume anga.

Chandibweretsa ndi ichi: ndinagwa pa msika wa Khombedza nditasenza kabeseni ka usipa koti mwana angathamange nako. Sindinakomoke ayi. Miyendo inangokana. Anthu anayamba aseka kaye, ankayesa ndi sewero langa.

Atenga magazi, mkodzo ndi makhololo. Mtima aumvera, ati uli bwino.

Lachitatu, 11 Juni

Malungo palibe. Shuga palibe. Magazi ndi okwanira. Kachilombo palibe. Nthawi iliyonse adokotala akati "palibe" ndimafuna kulowa pansi pa bedi.

Woyandikana nane ndi Che Binali, msodzi wa ku Chipoka. Injini ya boti inamutema phazi. Akamamutsuka bala amaluma pilo, akatha amaseka. Lero wandifunsa:

"Akulu, inuyo chikupweteka n'chiyani?"

"Kutopa."

"Kutopa basi? Wallahi, ndiye tonse a ku Chipoka tibwere ndi mphasa zathu."

Ndaseka nawo. Ndikanatani?

Ndilembe mmene zinayambira, poti adokotala amafunsa mofulumira ndipo ine ndimayankha mozungulira. Chaka chatha mwezi wa Febuluwale ndinadwala malungo aakulu. Malungowo anapita, mphamvu sizinabwerere. Ndimagona ngati mwala, ndimadzuka ngati ndakoka khoka ndekha. Pakhosi pamawawa, m'mfundo mumaphwanya. Mutu umachita chifunga: ndili pakati pa nthano, dzina la munthu limangothawa. Choipitsitsa n'chakuti ndikadzikakamiza lero, lero lomwelo ndimaoneka bwinobwino. Chilango chimabwera mawa kapena mkuja, anthu onse atapita kwawo.

Mayi a Gladys ndiwo ankadziwa. Wina akabwera ine ndili chigonere, ankati, "Apita kumunda."

Lachinayi, 12 Juni

Gladys, mwana wanga woyamba, ndiye akundidikirira. Amagona kumalo a magadiyani kuseri kwa wodi. Wabweretsa mbatata yophika ndi utaka wootcha. Utakawo ndagawana ndi Che Binali.

Wakhala m'mphepete mwa bedi osandiyang'ana.

"Ababa, amalume akuti tsiku lometa ndi Loweruka la pa 21."

"Ndamva."

"Akutinso munthu wodwala amaonda."

Amalume akewo ndi alamu anga a Mcdonald, mchimwene wa malemu, mwini mbumba. Nyumba imene ndimagonamo ili pa nthaka yawo. Mkazi wanga anamwalira mu Novembala. Tinameta koyamba maliro atangotha, ndipo kuyambira pamenepo lezala sinandikhudze, poti kwathu wamasiye tsitsi lake limadikira kumeta kwachiwiri. Tsiku limenelo ndi limene akuchikazi amanena mawu awo: kaya "khalani, muzisunga ana," kaya "takumasulani, pitani kwanu." Kwathu ku Chitala amene ankandidziwa onse ali kumanda. Otsalawo amangomva kuti kunali wina anapita kunyanja.

Alamu ali ndi chifukwa chawo. Ndichilembe kamodzi, ndisadzachibwerezenso.

Tsiku loyamba la maliro ndinaimirira tsiku lonse. Ndinalandira anthu, ndinafotokoza matenda a malemu kwa aliyense wofika, mwina kokwana zana. M'mawa mwake, tsiku loika, ndinapita kuseri kwa khitchini kuti ndikhale pansi pang'ono. Bokosi linatuluka, nyimbo zinayimbidwa, dothi linathiridwa. Ine anandipeza madzulo ndili pa matumba a makala, ndili m'tulo. Ndinamva nyimbo zija ngati zili tsidya lina, koma thupi linakana.

Alamu ananena pamaso pa anthu: "Mlonda wa maliro a eni, ake wagona."

Palibe amene wandiitananso ku maliro.

Lachisanu, 13 Juni

Ajambula chifuwa, TB palibe. Ayezanso kaodzera, poti ndinkapitapita ku Nkhotakota. Palibe. Magazi ena apita ku Lilongwe kukaona za chithokomiro.

Adokotala abwera ndi mayi wina wachitsikana wovala mpango, dzina lake Sumaiya. Ati ndi wa kafukufuku, wachokera ku koleji. Sanaimirire kumapazi kwanga ngati enawo, wakoka mpando. Wandifunsa funso limene palibe anandifunsapo: "Agogo, mukagwira ntchito lero, mawa mumadzuka bwanji?"

Ndinamuuza zonse.

Ati pali matenda a kutopa kosatha, dzina lake lachizungu n'lalitali, ndipo nthawi zambiri amayamba munthu akachira matenda ena otentha thupi. Ati palibe choyezera chimene chimawaonetsa, adokotala amawadziwa pomva zizindikiro ndi pochotsa matenda ena onse. Iwo akufufuza zinthu ziwiri. Choyamba ndi timadzi tina ta m'thupi, ati kotizo, timene timakwera munthu akamadzuka m'mawa ndiponso akakhala pa mavuto. Chachiwiri ndi asilikali a m'thupi, kuti kodi nkhondo ya matenda oyamba aja itatha anabwerera kukapuma, kapena akadali chiimire.

"Ndiye mwapeza chiyani?"

"Ena apeza kusiyana pang'ono, ena sanapeze. N'chifukwa chake tikufunsabe."

Ati ndili ndi ufulu wokana, ndipo ndikakana chithandizo changa sichisintha. Ndalemba dzina langa ndekha. Linatuluka lopendekeka koma ndi langa.

Loweruka, 14 Juni

Che Binali anandinyengerera dzulo madzulo kuti ndimuuze nthano imodzi yokha, bala limamuwawa. Ndinamuuza ziwiri.

Lero phala wandimwetsa Gladys.

Lolemba, 16 Juni

Ndadzukako.

Lero ndi tsiku la malovu. Mayi Sumaiya anasiya timabotolo tinayi. Koyamba ndikangotsegula maso, ndisanadye, ndisanatsuke m'kamwa. Kachiwiri pakapita theka la ola. Kachitatu masana, kachinayi dzuwa litalowa. Anesi amalemba nthawi pa kabotolo n'kukaika mu fuliji. Atenganso magazi timachubu titatu, ati owerengera asilikali aja.

Zoti munthu wamkulu azilavulira m'botolo anthu akuona, abale. Ndinafunda bulangete kumutu. Che Binali ali, "Alhamdulillah, ndakhala ndi moyo mpaka kuona malovu a munthu akusungidwa mu fuliji, pamene chambo changa chimaolera padzuwa."

Wodi yonse inaseka. Mkulu wina wa bedi la kukhomo, amene mimba yake yatupa ngati mtsuko, sanaseke. Anangondiyang'ana. Mawa lake mwina pabwera wina wodwala zenizeni n'kugona pansi chifukwa cha ine.

Lachiwiri, 17 Juni

Chithokomiro chili bwino. Palibenso chotsala choti ayeze.

Mayi Sumaiya anabwera ndi sizasi. Ati akupempha katsitsi pang'ono ka kunkhongo, kodula pafupi ndi khungu. Ati malovu amanena za tsiku limodzi, koma tsitsi likamakula limasunga timadzi tija mwezi ndi mwezi, ndiye langa, poti n'lalitali, lingakhale ndi za miyezi ingapo yapitayi.

Tsitsi siliperekedwa kwa mlendo, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Nanga ili ndi tsitsi wamba? Ndi la maliro. Si langa ndekha, ndi la mayi a Gladys ndi abale awo. Limayenera kugwa tsiku lake, pa dzanja la mwini mbumba, n'kukwiriridwa pamodzi ndi la ena onse.

Anaona kuti ndikukayikira, anati, "Ngati pali chovuta, tisiye. Malovu ndi magazi akwanira."

Koma ine ndinali nditamva kale chinthu chimodzi: miyezi ingapo yapitayi. Ndinati mumtima, ndiye kuti muli Novembala. Ndiye kuti muli Disembala, pamene ndinkalira ndili chafufumimba anthu akuti ndikupuma. Mboni imene ndinkaisowa ndakhala ndikuyenda nayo pamutu. Ndinati, "Dulani."

Anadula, anakulunga mu kapepala konyezimira, analemba nambala. Kenako ndi pamene ndinafunsa, m'malo mofunsa poyamba.

"Mayi, zotsatira zibwera lisanafike Loweruka?"

"Loweruka liti?"

Ndinamufotokozera zonse. Anaika sizasi pansi.

"Agogo, pepani. Ndikanadziwa ndikanakufotokozerani bwino ndisanadule. Tsitsili likayezedwa pamodzi ndi la anthu ambiri, mwina chaka chamawa. Ndipo silinganene kuti munthu analira kapena sanalire. Silinganenenso kuti uyu akudwala, uyu ndi waulesi. Limatithandiza kuyerekeza gulu ndi gulu basi."

"Ndiye ndadulitsa chabe."

"Kwa odwala a m'tsogolo si chabe. Koma pa nkhani yanu ya Loweruka, silikuthandizani. Mukafuna ndikubwezerani pompano."

Ndinaganiza. Ukalibweza silimereranso pomwepo. Ndinati apite nalo.

Ati iye ndi adokotala angathe kuyankhula ndi alamu. Ndakana. Munthu wa zaka zanga kukapempha mtsikana kuti akandinenere kwa alamu anga kuti sindine wabodza?

Ndikamagwira kunkhongo pali kadazi kokwana chala chachikulu. Gladys wakaona. Wangoti, "Ababa," n'kutuluka. Wabwera ndi chipewa.

Lachitatu, 18 Juni

Alamu abwera!

Anafika nthawi yoona odwala masana, atavala jekete lawo la ku msonkhano wa mpingo, atanyamula nthochi ndi botolo la thobwa. Mayi Sumaiya anandichenjeza kale kuti mphamvu zanga zili ngati batire lakale la nyali za usipa: limawala bwino poyamba, koma ukalimaliza limatenga masiku kuti lidzadze, ndiye ndizisiya ntchito ndisanatope. Ndinamva. Koma mlamu wako wakwera minibasi kudzakuona, iwe n'kumulandira uli chigonere ngati mtembo? Ndinadzuka, ndinakhala tsonga, chipewa kumutu.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndaswera bwino, kaya inu alamu?"

Linatuluka lokha. Pakamwa panga sipadziwa yankho lina.

Anakhala pa mpando, ine ndinafunsa za kumudzi, za mwera, za mtengo wa usipa. Che Binali ali, "Bwana, mlamu wanuyu ndi wailesi. Muuzeni atiuze ya mkulu uja anagula boti lopanda pansi." Alamu anamwetulira pang'ono, kumwetulira koyamba chimwalirire mlongo wawo. Ine nditaona mano awo, basi, ndinayamba.

Ndinainena monga kale. Ndinaimirira. Ndinapalasa ndi mtengo wa diripi. Ndinasintha mawu, apa wogulitsa, apa wogula, apa mkazi wa wogula akukuwa pagombe. Magadiyani anadzaza pakhomo, anesi anaima ndi thireyi m'manja. Ngakhale mkulu wa mimba yotupa uja anaseka mpaka kutsokomola. Alamu anapukuta misozi. Ine ndinamva ngati ndabwerera m'thupi langa. Inatha imeneyo, ndinawonjeza ina.

Belu litalira ndinawaperekeza mpaka pa geti, monga ayenera mlendo.

Pa getipo anandigwira dzanja, nkhope itabwerera mwakale.

"Alamu, ndaona. Mwachira. Loweruka tikuonani kumudzi, mubwere mudzamve mawu athu."

Gladys sanandiyankhule mpaka pano. Ndikulemba izi chilango chayamba kale. Mwa anthu onse, mboni yonditsutsa ndakhala ndine.

Lachinayi, 19 Juni

Pakhosi. Kuwala kukupweteka.

Lachisanu, 20 Juni

Sindingathe.

Lachiwiri, 24 Juni

Lero ndi pamene ndagwira cholembera bwinobwino. Ndilemba pang'onopang'ono, ndikupumira.

Loweruka sindinapite. Gladys anaimba foni kumudzi kuti ababa sakudzuka, alamu anadula foni. Anameta ena onse m'mawa. Dzuwa litapendeka ndinamva nsapato zawo mu wodi. Sindinatsegule maso, koma kayendedwe ka munthu wokwiya kamamveka.

"Mwambo wa mlongo wanga sungaime chifukwa cha munthu mmodzi. Poti mwakana kubwera, ndabwera ndine. Ndikumetani pompano, mawu ndikuuzani pompano."

Anapempha chilolezo kwa anesi, anesi anakoka nsalu yotchinga. Gladys anabweretsa beseni ndi sopo. Anayala chitenje cha malemu pa pilo kuti tsitsi ligwerepo.

"Dzukani, alamu."

Ndinayesa. Mulungu ndi mboni, ndinayesa. Gladys anandikweza m'khwapa n'kunditsamiritsa kukhoma.

"Dzutsani mutu."

Ndinaudzutsa. Unakhala pang'ono, kenako unagwa wokha, chipumi changa chinakagunda pa batani la jekete lawo. Anaukankha kuti uime. Unagwanso. Kachitatu sanaukankhe. Anaulandira m'dzanja lamanzere, monga agwirira mutu wa khanda pomusambitsa, n'kukhala choncho osameta.

Kuseri kwa nsalu Che Binali sanatulutse nthabwala ngakhale imodzi.

"Gladys, wayamba liti chonchi?"

"Lachinayi, amalume. Mutangopita."

"Munthu amene ankapalasa ndi mtengo wa diripi uja?"

"Yemweyo. Akatero amalipira masiku atatu, anayi. Amayi ndiwo ankabisa."

Dzanja lawo linali lofunda, lonunkha utsi wa nsomba.

"Alamu. Tsiku loika lija zinali chonchi?"

Mawu anga anatuluka ngati a mwana. "Chonchi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munandifunsa kuti mwadzuka bwanji."

"Ndiye?"

"Ndinati bwino."

Ananyowetsa tsitsi, anayamba kumeta, mutu wanga uli m'dzanja lawo mpaka kumaliza. Lezala inayenda kuchokera pachipumi kupita kumbuyo. Ine ndinkangodikira kuti ifike pamalo paja. Inafika. Inaima.

"Apa anayamba ndani?"

Gladys anati ayankhe, ine ndinamugwira chitenje. Mlanduwu ndi wanga.

"A kafukufuku. Ndinawapatsa ndine. Ndimayesa likandichitira umboni kwa inu."

"Lachita?"

"Ayi. Ati silingathe."

"Lili kuti?"

"Ku koleji."

Chala chawo chinakhala pa kadaziko nthawi yaitali. Ndinkayembekeza mawu amene ndinkayenera, oti ndagulitsa maliro a mlongo wawo kwa alendo. Ndikanavomera.

Anapumira m'mwamba.

"Hm. Ndiye m'banja muno wapezeka wofika ku koleji."

Che Binali anaphulika kuseri kwa nsalu. Gladys anaseka akulira. Alamu sanaseke, anapitiriza kumeta mpaka mutu wonse unafanana ndi kadazi kaja. Anasonkhanitsa tsitsi m'chitenje, anamanga mfundo, anaika m'thumba la m'kati mwa jekete kuti akalikwirire pamodzi ndi la ena. Kenako anandigoneka okha, anakonza pilo.

Ataima kuti azipita, ndinati, "Alamu, mawu aja."

Anayang'ana Gladys, osati ine.

"Denga la kuchipinda kwa bambo ako likudontha pakona. Udzu ndamweta kale. Akatuluka muno asakwerepo, wamva? Ndikawaona pamwamba ndidzawagwetsa ndekha."

Anapita.

Lachitatu, 25 Juni

Anditulutsa mawa. Mankhwala a matendawa ati palibe. Andipatsa panado wa m'mfundo, ndi malangizo: ntchito pang'ono, kupuma ndisanatope, nthano imodzi yaifupi ndili chikhalire, osaimirira. Ndizibwera ku kiliniki mwezi ndi mwezi. Mayi Sumaiya adzatenganso malovu ndi magazi pakapita miyezi itatu. Ati sakulonjeza kuti ndidzachira, ena amapezako bwino, ena ayi.

Mkulu wa mimba yotupa uja anamwalira Lolemba. Bedi lake muli kale wina.

Alamu sanandichotse panyumba, koma kumudzi anthu akadali ndi nkhani ya matumba a makala, ndipo dzanja la alamu silingagwire mutu wanga pamaso pa aliyense. Ndikatsika minibasi ndidzayenda ndi miyendo yanga, thupi losalala, ndipo adzati si uyo, amati akudwala. Ndikaganiza zimenezo nkhope imatentha.

M'mawa uno anesi anabwera ndi choyezera kutentha.

"Agogo, mwadzuka bwanji?"

Yankho lakale linali kale pa lilime. Ndinalimeza.

"Sindinadzuke bwino, mayi."

Ndinayang'ana pansi ngati ndatukwana. Iwo anangogwedeza mutu, analemba, anapita pa bedi la Che Binali.